Mkamwini Woyanika Makoka

Lero lomwe lino, dzuwa lisanafike paliwombo, nkhani ya agogo anga yatha, ndipo yatha bwino, anzanga! Sakupitanso! Atsala! Njinga imene inabwera kudzawatenga ibwerera ku Chinguluwe itanyamula nsomba zowamba, osati agogo anga ayi. Esinati, taika pansi mpirawo, ntchemberembaye sikuthawa. Lusiya, itana ena aja ali kumjigo. Dikirani ndipume kaye, ndathamanga osaima, taonani miyendoyi fumbi lokhalokha. Mukufunsa chifukwa chake sindinabwere kusukulu lero? Ndi chimenechi. Khalani pansi pamthunzi apa ndikuuzeni kuyambira kumutu mpaka kumchira, ngati momwe timadyera chambo, chifukwa mukangolawa kumchira kokha simumva kukoma kwake.

Agogo anga a Phiri, bambo awo a amayi, nonse mumawadziwa, koma mumadziwa a lero, aja amakufunsani dzina, mukawayankha n'kukufunsaninso. Lusiya, iwe unaseka tsiku lija atakufunsa kachitatu kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo sindikukudzudzula ayi, inenso poyamba ndinkaseka. Zinayamba pang'onopang'ono ngati madzi olowa m'bwato long'aluka. Choyamba ankaiwala pomwe aika chipewa, kenako anayamba kuiwala kuti adya kale, ndipo ankaitana anthu odutsa panjira n'kuwauza kuti, "Pakhomo pano sandipatsa chakudya," chonsecho m'manja mukadali mafuta a nsomba, amayi n'kuchita manyazi mpaka kulowa m'nyumba. Koma pamene agogo aakazi, a NaBanda, anatisiya dzinja lapitali, m'pamene zinafika poipa. Anawaperekeza kumanda, analira, anametedwa pamodzi ndi ife tonse, koma m'mawa uliwonse akadzuka amafunsa kuti, "NaBanda ali kuti?" Masiku oyamba amayi ankawauza zoona, ndipo ankalira ngati uthengawo wangofika kumene, kudzigwetsa pansi, tsiku lonse osalawa kanthu, mawa lake n'kufunsanso. Ndiye amayi anati iyayi, munthu sangalire maliro amodzi tsiku ndi tsiku. Tsopano timangoti, "Apita kuchigayo," iwo n'kupukusa mutu, "Mkazi ameneyu ndi chigayo!" basi n'kukhala pansi mtima uli m'malo.

Tinapita nawo kuchipatala kuboma, ndipo adokotala anati ndi matenda a mu ubongo obwera ndi ukalamba, si misala, si ufiti, ndipo mankhwala ochiza palibe, chofunika n'kuwasamala basi. Koma kusamalako, anzanga, musaone ngati ndi masanje. Bambo ali ku Mbenji ndi asodzi anzawo, amatha miyezi osabwera, ndiye zonse zili pa amayi: ayanike usipa pathandala, akagulitse, achape zofunda za agogo m'mamawa anthu asanaone, abise machesi, abise mpeni. Ine ndikaweruka kusukulu ndiye nthawi yanga yowayang'anira, n'chifukwa chake mpira ndinausiya, simunadziwe? Chovuta kuposa zonse ndi kusamba, poti mwana wamkazi angasambitse bwanji bambo wake womubala? Amangowaikira madzi kubafa, iwo n'kukhala pamwala kuyang'anitsitsa ndowa, ataiwala chimene alowera.

Koma chodabwitsa nachi. Za m'mawa uno sazidziwa, koma za makedzana, ha! amazikumbukira mpaka mtundu wa mkanda. Ndikakhala nawo masana pansi pa mango, iwo akupota luzi pantchafu, amangoyamba okha, ndipo ine amanditcha "mtsikana wa pano" chifukwa dzina langa linawathawa kalekale.

"Mtsikana wa pano," amatero, "iwe ukuona ngati ine ndine wa kunyanja? Ine ndine wa kumtunda, mwana wa khasu. Kuno ndidabwera ndili mnyamata, m'masiku aja sitima inkafika ku Salima ikufuka utsi wa malasha, ndipo ndidabwera wapansi nditasenza dengu la chimanga kudzasinthanitsa ndi nsomba, chifukwa kalelo nsomba sitinkazigula ngati lero. Iwe unkakhuthula chimanga m'lichero, asodzi n'kukuthirira utaka m'dengu mpaka khosi kuwawa, ukati basi, iwo n'kuonjezera. Ndipo padooko pomwepo ndidaona mtsikana akupala nsomba, mkanda wofiira m'khosi, mphini ziwiri patsaya, ndipo adandiseka chifukwa ndinkathawa mafunde ngati nkhuku. Chimanga ndidasinthanitsa, nsomba ndidapita nazo, koma mtima ndidausiya pamchenga pomwepo."

Mwamva, atsikana? Agogo aakazi aja ankayenda ndi ndodo aja, anali mtsikana woseka anyamata! Esinati, leka kuseka, imva izi.

"Kale," amapitiriza, "mwamuna ukakwatira unkasiya kwanu n'kukamanga kwa mkazi, ndipo unkatchedwa mkamwini, koma mkamwini sankakhala manja ali m'khwapa ayi. Akumtunda ankakuyesa ndi khasu, akunyanja ankakuyesa ndi khoka. Apongozi anga, bambo ake a NaBanda, adali ndi khoka lalikulu kuposa onse padooko lino, ndipo lidali la bwazi, osati za nayiloni zanu zogula m'sitolozi. Tinkapita kuthengo kukadula bwazi, kusenda, kupala, kuyanika, kenako amuna onse kukhala pamchenga kupota chingwe pantchafu mpaka ubweya wa pantchafu kutha, mwezi kulowa mwezi kutuluka, khoka limodzi. Likatha tinkaliphika ndi makungwa m'mbiya yaikulu kuti lifiire, lisaole msanga. Koma mdani wa khoka la bwazi ndi madzi omwewo amene limagwiramo ntchito. Ukalisiya lonyowa litaunjikana m'bwato, mawa lanunkha, mkuja laola, ndipo thukuta la mudzi wonse lapita. Ndiye ntchito ya mkamwini idali imeneyo. Anthu akakoka khoka, akagawana nsomba n'kumapita kwawo, iwe utsale, ulitsuke, ulikokere kumtunda, uliyanike pamitengo, ulitembenuze, dzuwa likuwotcha pamsana. Tsiku loyamba lenileni apongozi adandiuza, maso ali kunyanja osandiyang'ana n'komwe, kuti, 'Wa kumtunda iwe, khoka langa likadzaola, udzamange kamphasa kako ubwerere kwanu.'"

Lero ukonde amangouponya m'boti wonyowa n'kumapita kukamwa tiyi, suola, ndipo ukang'ambika kwambiri amagula wina. Koma agogo amati ngakhale khoka lakale linali lozunza, linali ndi mtima. Polikoka ankaimba, wotsogolera nyimbo ali kutsogolo kwa chingwe, ndipo aliyense wogwira chingwecho, kaya ndi mlendo wongodutsa, kaya ndi mayi wamasiye, kaya ndi mwana, ankapita ndi ndiwo. Chambo chaching'ono ankachibwezera m'madzi n'kuchiuza kuti, "Kaitane amako." Lero tikulimbirana kambale ka usipa, ndipo nyimbo padooko ndi ya wailesi ndi injini basi. Amatinso ulemu unali ulemu. Mkamwini ukaona apongozi akubwera panjira unkapatukira kutchire, kuvula chipewa, kunyonyomala utafulatira mpaka adutse. Anthu a padooko ankawanyodola kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, wa kumtunda uyu mwera ukangoomba athawa. "Koma ine," amatero akudziguguda pachifuwa, "ndidalumbira kuti mlamba uno suterereka. Mnzanga weniweni adali mmodzi, kamlamu kanga Lameki, kamimba tuu, mamina mbwee, kankanditsata kulikonse ngati kagalu."

Eya, a Lameki omwewa! Atsibweni awo a amayi, mlongo wawo wa agogo aakazi, eni mbumba yathu, aja a dazi ndi ndevu zoyera, a boti la injini, amene amatipatsa maina achipongwe tikamadutsa. Iwe Lusiya amakutcha Kanamphuno aja. Akuluakulu amati pamene akalambamu afanana ndi malemu bambo awo ngati anachita kuwalavula, dazi, ndevu, ndi kakhosomole komwe. Gwirani mfundo imeneyo, muiona kutsogoloku.

Tsopano vuto linayamba chonchi. Chiyambire mwera chaka chino, agogo anayamba kutizemba m'mawa n'kutsikira kudooko, ndipo akapeza ukonde wonyowa m'boti la aliyense, amautulutsa, kuukoka, kuuyala pamchenga bwinobwino. Anthu a pamudzi pano amawadziwa, ankangoti, "A Phiri ayamba ntchito," n'kudikira achoke, n'kuupindanso. Koma mukudziwa inu mmene zinthu zasinthira chibwerere zipani zambiri. Zabwino zabwera, inde, sukulu ndi yaulere mpaka tikuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka, pamsika sakufunsanso khadi la chipani, agogo okha ndi amene amapisabe m'thumba kulifuna akangomva kuti msika. Koma akuba nawo akuti ufulu ndi wawo. Maukonde akubedwa, injini zikubedwa, ndipo anthu mitima ili m'mwamba, sakudikiranso apolisi.

Sabata yatha padooko panafika asodzi achilendo, aja amanga misasa kumapeto kwa mchenga, ndipo iwowa sadziwa za agogo. Mmodzi wa iwo anangoona munthu akukoka ukonde wawo watsopano, basi, "Wakuba! Wakuba!" Anthu kuthamanga ndi nkhafi m'manja. Amayi anali pathandala, anataya lichero la usipa n'kuthamanga, ndipo anafika nkhafi ili m'mwamba, n'kudzigwetsa pamwamba pa agogo. Nkhafiyo inatera paphewa la amayi, mpaka lero ndi lotupa, sakutha kusenza ndowa. Ndipo agogo ali pansi pamchenga sankalirira moyo wawo ayi, ankangoti, "Liola! Lisiyeni liume, liola!"

Masana ake a Lameki anabwera kunyumba, nthabwala zonse atazisiya kuboti. Anakhala pampando n'kunena kuti, "NaPhiri mwana wanga, lero ndi phewa, mawa adzakhala maliro awiri. Mwambo ulipo, ndipo ukuudziwa. Mkazi akamwalira, kumeta kukatha, mkamwini amasudzulidwa, abale ake amutenge. Tinangozengereza chifukwa cha chisoni. Kumtunda kulibe makoka oti akakoke, kulibe womumenyera ukonde. Iwe watha, taona mmene waonderamu. Komanso munthuyu sakutifunanso. Akandiona panjira amathawira kutchire, kundifulatira ngati ndine chilombo, ine amene ndinkadya naye mbale imodzi."

Amayi anagwada, misozi ili chuchuchu. "Atsibweni, kumeneko akawadziwa ndani? Alongo awo onse adapita. Akakafunsa kuti NaBanda ali kuti, anthu azikawauza zoona tsiku ndi tsiku, ndipo sakatha mwezi."

"Uthenga ndatumiza kale kwawo kumtunda," anatero a Lameki, n'kunyamuka osatiyang'ana. Musawaone ngati ankhanza ayi, ine ndinawaona akupukuta m'maso atafika paseri pa nkhokwe.

Sabata yonseyi, anzanga, m'kalasi ndimangokhala thupi lokha. Aphunzitsi akulemba samu pabolodi, ine ndikuona agogo ali pakhonde la eni ake, kopanda nyanja, kopanda mchenga, akufunsa anthu osawadziwa za mkanda wofiira.

Ndiye lero m'mawa inafika njinga kuchokera ku Chinguluwe, kwawo kwa agogo. Woikwera anali a Binisoni, mwana wa mlongo wawo wa agogo, nawonso imvi zili mbuu, ndipo pakaliyala anamangirirapo pilo kuti nkhalamba isakamve kuwawa panjira. Anagwada n'kupereka moni. "Atsibweni, ndine Binisoni, mwana wa mlongo wanu." Agogo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mwabwera kudzasinthanitsa chimanga?" A Binisoni anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wasenza katundu wosamudziwa kulemera kwake.

Anthu anasonkhana pansi pa mango paja. Amayi anali atamanga kale katundu, bulangete, mbale, kankhwangwa, zonse atazikulunga m'mphasa n'kumanga ndi luzi, n'kuziika pambali pa njinga. Mwambo wake umati mwini mbumba auze mkamwini pamaso ndi pamaso kuti mkazi wako wapita, banja latha, ndiwe mfulu, ndipo iye avomere ndi pakamwa pake. Ine ndi amayi tinawagwira agogo manja kuwatulutsa m'nyumba, ine ndili ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti akangomva mawu amenewo, maliro ayambiranso.

Koma titangofika, agogo anaona a Lameki ali pampando, dazi likung'anima, akukhosomola kakhosomole kawo kaja. Anaona mphasa yomangidwa. Anandilanda dzanja lawo mwamphamvu, kuvula chipewa, kukana mkeka umene anawayalira, n'kugwada padothi penipeni, chammbali, maso pansi, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu, phu, phu, phu.

A Lameki anati, "Alamu..."

Koma agogo anawadula, ndipo mawu awo sanali a nkhalamba ayi, anali a mnyamata wamantha. "Apongozi, ndaiona mphasa yanga mwaimanga. Ndalakwa chiyani? Khoka silinaole, apongozi. Ndimadzuka anthu onse asanadzuke, ndimalitsuka, ndimaliyanika, ndipo masiku ano lachuluka, lili m'bwato lililonse, koma palibe limene ndalisiya lonyowa. Dzana anthu anafuna kundimenya, koma sindinalitaye. Ndikudziwa ndine wa kumtunda, kupalasa sindinakhoze bwino, koma ndiphunzira. Musandibweze kwathu, apongozi. NaBanda ali kuchigayo, akabwera akapeza ndapita, adzati ndaterereka ngati mlamba."

Anzanga! Ine m'pamene zonse zinanditsegukira ngati chitseko. Kuthawira kutchire kuja sikunali kudana ndi a Lameki, kunali kupatukira apongozi! Kukoka maukonde kuja sikunali kusokoneza chabe, inali ntchito ya mkamwini! Miyezi yonseyi ife tinkati agogo akungoyendayenda, pamene iwo anali pantchito yoteteza banja lawo, tsiku ndi tsiku, ndi mantha oti abwezedwa kwawo. Ndipo ife tinawamangiradi mphasa.

A Lameki anayesa. "Alamu, ndine Lameki. Tandiyang'anani, ndine Lameki."

"Lameki ali kudooko, apongozi," anayankha agogo osadzutsa mutu. "Ndamusiya akusewera ndi nkhono. Musamukalipire chifukwa chothawa kusukulu, mapazi ake ali ndi matekenya, n'chifukwa chake amakana kuyenda. Ndawachotsa ndi minga dzulo, ndamusambitsa, ndamutsuka ndi mchenga mpaka wayera. Mawa ndidzamubereka pamapewa ndekha mpaka kumishoni. Kamwana kaja kali ndi nzeru, apongozi, kadzakhala ndi bwato lakelake, mudzaona. Ndikachoka ine, adzakasamala ndani?"

Eee! A Lameki, munthu wamkulu, mwini boti la injini, anawerama. Anayang'ana mapazi awo. Kenako anatenga kachipewa kawo kamene kanali pabondo n'kuphimba nako nkhope, mapewa akugwedezeka. Amayi analira mokweza. Amayi ena amene anali kumbuyo nawonso anayamba kufwenthera m'zitenje.

Amene anayamba kulankhula ndi a Binisoni. Anaomba m'manja n'kuti, "Pepani eni mudzi, ine ndine mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ndabwera kudzatenga atsibweni anga, ndipo mukati ndiwatenge ndiwatenga, sindikukana. Koma kwathu timasudzula munthu amene banja lake latha. Awa, mmene ndikuoneramu, banja lawo likungoyamba kumene."

A Lameki anachotsa kachipewa kunkhope. Kenako anapukuta nkhope, kukhala tsonga pampando, kutembenuza mutu n'kuyang'ana kunyanja osawayang'ana agogo, ndendende mmene agogo amanenera kuti apongozi awo ankachitira, ndipo anakhosomola n'kutsitsa mawu.

"Wa kumtunda iwe."

"Wawa," anatero agogo.

"Khoka langa ndaliona. Silinaole."

"Wawa, apongozi."

"Wagwira ntchito. Masula mphasa yako. Pano ndi pako, ndipo palibe wokuchotsa."

Anzanga, mukanawaona! Agogo anaomba m'manja, kuomba, kuombanso, nkhope yonse kuwala ngati mwana wopatsidwa malaya a Khirisimasi. Anakwawa ndi maondo mpaka pamene panali katundu paja, n'kuyamba kumasula luzi, akuimba chapansipansi nyimbo yokokera khoka. Amayi a kumbuyo aja anayamba nthungululu, misozi ili m'masaya.

Pamene agogo ankamasula mphasa, akuluakulu anapangana, ndipo mutu umodzi susenza denga, aliyense anasenza mbali yake. A Lameki anatuma alovi awo, anyamata ogwira ntchito m'boti lawo aja, kuti akatenge khoka lakale long'ambika limene linangounjikidwa kuseri kwa nyumba yawo, ndipo azike mitengo yoyanikira pafupi ndi mango athu. M'mawa uliwonse mlovi mmodzi azibwera ndi ndowa kudzalinyowetsa, kuti agogo akadzuka azilipeza lonyowa pakhomo pomwe, asamatsikirenso kudooko. Anatinso apita okha kumisasa ya alendo aja kukawauza kuti nkhalamba iyi ndi imene inawalera iwo a Lameki, woikhudza wakhudza iwo. Amayi a kutchalitchi anati masiku a msika azisinthana kudzakhala nawo, kuti amayi azikagulitsa usipa mtima uli pansi. A Binisoni anati akakolola adzabweretsa mpunga. Ndipo za kusamba zija, a Lameki anati, "Zimenezo ndi zanga. Ndizibwera n'kunena kuti, wa kumtunda iwe, tiye tikatsuke khoka, ndipo tikalowa m'madzi padooko la amuna ndizimutsuka ndi iye yemwe. Adanditsuka ndi mchenga munthu ameneyu, ine ndimutsuka ndi sopo, aone chitukuko!" Anthu anaseka mpaka kugwirana.

Amayi okha sanaseke. Anati, "Atsibweni, musaone ngati achira. Mawa adzadzuka ataiwala zonsezi. Adzakupatukiraninso panjira, adzaopanso kubwezedwa. Mawu mwanena lerowa mudzawanena kambirimbiri."

"Ndidzawanena," anayankha a Lameki. "Bambo anga adamwalira osawanena ngakhale kamodzi. Munthu wadikira zaka zonsezi, ndiye ine nditope ndi kuwabwereza?"

Pamenepo agogo anali atayala mphasa yawo pamalo pake pansi pa mango. Anandikodola ndi dzanja. "Mtsikana wa pano!"

"Wawa, agogo."

"Thamanga kuchigayo, ukamuuze NaBanda kuti tatsala. Umuuze kuti apongozi ati khoka silinaole. Thamanga!"

Ndinayang'ana amayi, amayi anangogwedeza mutu kuti pita. Ndiye ndinathamangadi, anzanga, koma osati kuchigayo. Ndinadzera njira ya kumsitu kuja kumene anagona agogo aakazi. Sindinalowe ayi, mukudziwa ana salowako, ndinangoima panjira n'kufuula kumitengoko kuti, "Agogo! Akuti atsala! Akuti khoka silinaole!" Mbalame zinauluka, ine n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi ngati wopenga, ndipo kuchokera pamenepo sindinaimenso mpaka pano.

Esinati, ukulira? Pukuta, iwe, nkhaniyi ndi yosangalatsa! Chimene ndikukupemphani n'chaching'ono. Mukaona nkhalamba ikuchita zosamveka, musathamangire kuseka kapena kukuwa, yambani mwafunsa kuti kale inkagwira ntchito yanji, ndipo inkaopa chiyani, chifukwa mwina thupi lili pano koma mwini wake ali m'chaka china, ndipo kumeneko zimene akuchitazo n'zolongosoka. Ikakufunsani dzina kachitatu, yankhani kachitatu, dzina silitha ndi kutchula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo tsiku lina ife tomwe tidzakhala tikufunafuna mpira wa ntchemberembaye pakhonde, zidzukulu zikutidabwa.

Mawa ndi Loweruka, kulibe sukulu. Bwerani m'mawa dzuwa lisanatenthe, mitengo ikhala itazikidwa, khoka litanyowa. Mudzaone mmene amaligwirira, mmene amaliyalira osasiya khwinya, mudzamve nyimbo yake, mwina tidzagwira nawo chingwe. Mukafika musawafunse kuti mwandikumbukira, ingoperekani moni mutagwada. Ndipo akakufunsani ngati mwabwera kudzasinthanitsa chimanga, muvomere. Lusiya, iwe ubwere ndi chisononkho chimodzi m'manja, udzaone mmene adzakondwere. Mubwere nonse, mwamva? Mudzamuone mkamwini wathu ali pantchito!